Anagogoda Pansi, Ine Ndikungoyang'ana

1

Dzina langa ndine Felesiya, kwathu ndi ku Mitundu. Ngati munagulapo zitumbuwa pakhomo la nyumba ya vidiyo kuseri kwa msika, matipate atangoyamba kumene, ndiye kuti munagula kwa ine. Nkhani yangayi anthu aikamba kokwanira m'mabawa ndi pamijigo, aliyense kuthirako mchere wake. Amati ndine mkazi wouma mtima amene anathyoletsa mwamuna wake mkono. Lero ndiikambe ndekha, ndipo ndisakunamizeni owerenga, mkwiyo wanga sunaphwe mpaka pano.

Tinali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Ina inali Kapiteni, yakuda bii. Inzake inali yofiira, ya banga loyera pamphumi ndi nyanga imodzi yoloza pansi, ndipo tinaitcha Matipate chifukwa tinaigula chaka cha referendamu. Zonse zinachokera mu fodya wa bale amene tinalima m'munda wa malemu mayi anga. Fodya ameneyo ndinamusoka ndili ndi mimba ya Mwayi, zala zili matuza okhaokha. Ngoloyo inkatuta manyowa, njerwa, nkhuni za ku Dzalanyama, ngakhale odwala opita kuchipatala. Ana anga ankadya ndi kuvala chifukwa cha ng'ombe ziwirizo.

Amuna anga, a Lackson, kwawo kunali ku Malingunde, ndipo kwathu ankakhala chikamwini. Ntchito ankagwira, pamenepo sindingawanamizire. Vuto linali pakamwa pa achimwene anga a Noah, amenenso anali ankhoswe athu. Akangolawako kachasu, ankaima pakhola n'kuyamba nyimbo yawo ija.

"Alamu, muzizisamala bwino, ng'ombe izi ndi za pamudzi pano. Inu tsiku lochoka mudzanyamula bulangete lanu basi."

A Lackson ankangoseka. Inenso ndinkaseka, ndimayesa ndi zachilamu.

2

Ndale za matipate zitabwera, chilichonse chinabwera. Munthu akakodzera khoma la mnzake ankati ndi ufulu. A Jones a golosale anagula kanema ndi jenereta, natchinga mawindo a chipinda chakumbuyo ndi mabulangete. Poyamba ankaonetsa zongopeka zija za anthu ouluka m'mitengo. Kenako kunabwera matepi amene anapengetsa amuna onse a pa Mitundu, otchedwa nkhonya za m'khola.

Amuna awiri a kunja ankawatsekera m'khola la waya, ngati la nkhuku koma lalikulu, n'kumamenyana zenizeni. Nkhonya, mateche, kugwetsana, kupotokola mkono, kukanyanga pakhosi, zonse zinali zololedwa. Amene zamukwana ankagogoda pansi ndi dzanja, woimbira n'kuwalekanitsa pomwepo. Akazi sitinkalowamo, koma ine ndinkamva zonse ndili pakhomo ndi beseni langa, makamaka chipinda chonse chikakuwa pamodzi kuti wagogoda.

Tepi yatsopano inkafika Loweruka lililonse, tsiku la msika, ndipo a Jones ankalumbira kuti yangotsika kumene m'ndege. Omenyana akangoonekera, iwo ankaimitsa chithunzi kuti anthu abetche. Maina enieni a anthuwo palibe ankavutika nawo, ankangowapatsa a kwathu konkuno.

Apa m'pamene a Lackson anatchukira. Ankayandikira kanemayo manja ali kumbuyo ngati sing'anga woyeza wodwala, n'kunena amene apambane, ndipo sankaphonya. Anthu anawatcha a Mlosi. Chiphunzitso chawo chinali chimodzi, chimene ngakhale ana a sukulu anachiloweza: thupi si kanthu, yang'anani makutu. Ankati munthu wa makutu okwinyika ngati bowa wouma ndiye kuti anakulira pansi akugwetsana ndi anzake, ameneyo osabetcherana naye. Aphunzitsi, mavenda, ngakhale wamkulu wina wa mpingo amene ankalowera khomo lakumbuyo, onse ankafuna kuwagonjetsa a Mlosi, ndipo onse ankatuluka matumba ali pululu.

Ine ndinkadya nawo. Tinafolera nyumba ndi malata, tinagula wayilesi, ana anayamba kupita kusukulu atavala nsapato. Sindinafunse kanthu. Lachitatu lililonse a Lackson ankakwera njinga m'mamawa kuti akukaona mayi awo odwala miyendo ku Malingunde, ndipo ine ndinkawamangira ndi ufa womwe kuti akawapatse apongozi.

3

Nyengo yogulitsa fodya kunabwera mlendo, a Bester, amene ankati ndi venda wa fodya wa ku Nathenje. Anali ndi njinga yamoto yofiira ndi pakamwa pamwano. Loweruka loyamba anabetcherana ndi a Lackson, naluza. Lotsatira analuzanso, natuluka akutukwana kuti anthu a pa Mitundu timakhulupirira zamasanje.

Loweruka linalo ndinamva phokoso lachilendo m'chipindamo, kenako mayi wogulitsa nthochi pafupi nane anandikodola kuti akutchula ng'ombe zanga. Ndinasiya beseni n'kulowa, koyamba m'moyo wanga. M'katimo munali mdima ndi fungo la thukuta. A Bester anali ataika kiyi wa njinga yamoto pamwamba pa kanema, akunena kuti ngati a Mlosi ndi mwamuna aike ng'ombe zawo. Wapampando wa msika anali pomwepo ngati mboni.

Chithunzi chinali chitaima. Mbali ina kunali chimunthu cha khosi ngati mtondo, chimene anali atachitcha kale Chigayo. Mbali inayo kunali kamunthu koonda kovala malaya oyera omanga ndi lamba, amene ankakatcha Kansungwi. Ndinaona bwinobwino kuti makutu a Kansungwi anali okwinyika, pomwe a Chigayo anali osalala ngati a mwana.

"Chigayo," anatero a Lackson. "Ndaika ng'ombe zonse ziwiri."

Wapampando anandiona, nafunsa ngati mayi a kunyumba ali ndi mawu. Apa ndiye poipa panga, owerenga. Mtima unandiuza kuti ndikane, koma maso anali pa kiyi uja. Ndinadziona ndili kumbuyo kwa njinga yamoto, duku likuuluka, akazi anzanga akundiyang'ana. Munthu amene sanaphonyepo akanaphonya bwanji tsiku limenelo? Ndinangoti amuna anga amadziwa zomwe akuchita.

Sizinatenge nthawi. Chigayo chinagwetsa Kansungwi n'kumugonera, anthu n'kuyamba kale kuwagwira chanza a Lackson. Kenako miyendo ya kamunthu kaja inakwera mpaka m'khosi mwa chimunthucho, mkono unakokedwa n'kuwongoka molakwika, ndipo dzanja lalikulu lija linagogoda pansi.

A Lackson anagwira kumutu n'kukhala pansi, misozi ili chuchuchu. Ngolo yathu inali pamsika pomwepo itabweretsa matumba a makala. A Bester anamasula ng'ombe, nalemba munthu woti aziyendetse mpaka ku Nathenje. Achimwene a Noah anafika akuthamanga, nalalata kuti mkamwini sangabetche chuma cha pamudzi, koma wapampando anawayankha kuti mwini wake analipo ndipo anavomera pamaso pa anthu. Goli linatsala pansi pafupi ndi ngolo, ndipo ndinalinyamula ndekha pamutu kupita nalo kunyumba.

4

Masiku otsatira a Lackson sankadya, ankangogona atayang'ana kukhoma. Ndinawamvera chisoni, ine chitsiru, mpaka kuwaphikira phala la mtedza ngati mwana wodwala. Koma makutu aja anakana kundichoka m'mutu. Nditawafunsa chifukwa chake anasiya chiphunzitso chawo chomwe, anati Satana anawaphimba m'maso, ndisawaonjezere chisoni.

Lachitatu anadzuka n'kunena kuti akupita ku Malingunde kukapempha thandizo kwa abale awo. Atangokhota, ine ndinabwereka ndalama ya thiransipoti kwa mnzanga n'kukwera matola a ku Nathenje. Maganizo anga anali okagwada kwa a Bester kuti andibwezere ngakhale Matipate yekha, ndiziwalipira pang'onopang'ono fodya akamapsa.

Pa Nathenje nditafunsa za a Bester a fodya, anthu anayang'anana. Bester wa njinga yofiira ankamudziwa, koma anati njingayo ndi yobwereka, ndipo iye sagula fodya, amaonetsa vidiyo kuseri kwa chigayo. Anandilozera nyumba ya mchemwali wake, kuti ng'ombe zatsopano zili kumeneko.

Inali nyumba ya njerwa zootcha yosamaliza, papoloti, khola la mitengo yaiwisi lili kumbuyo. Matipate anali momwemo. Atandiona anabwera n'kutulutsa mphuno pakati pa mitengo, ine n'kudziletsa kuti ndisamugwire. Pakhonde panali mtsikana wa mimba yaikulu akusankha nyemba. Anandilonjera mwaulemu, nati dzina lake ndi Zipora. Ndinamuuza kuti ndikufuna ngolo yonditutira njerwa.

Anaseka mwamanyazi, nati ngolo sanagule, ng'ombezo zangofika kumene. Amuna ake anazisunga kwa abale ku Mitundu nthawi yaitali, tsopano azitenga chifukwa akumanga pawopawo. Anali mtsikana wokonda kucheza. Anandiuza kuti amuna akewo amayenda kwambiri ndi bizinesi, amabwera Lachitatu lokha, koma salephera kumubweretsera ufa. Anandionetsa kathumba kake pakhomo, ndipo kanali kathumba kanga kamene ndinasoka chigamba ndi ulusi wobiriwira.

Ndinafunsa dzina lawo, ngakhale ndinali nditalidziwa kale.

"A Lackson. Mukawafuna ali kuvidiyo kwa achimwene. Tepi yatsopano imayambira kuno Lachitatu isanapite ku Mitundu, ndiye iwo saphonya."

Sindikudziwa kuti ndinatsanzika bwanji. Ndinali ndi ukali umene sindinaumvepo chibadwire. Mtsikanayo sindinamukhudze, ndipo mpaka lero ndilibe naye mlandu. A Lackson anali atamuuza kuti mkazi woyamba anamwalira.

5

Ndinadzifunda chitenje kumutu ngati wamalungo, ndinalipira pakhomo, n'kukakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni. Dzuwa linali pamutu kunja, koma m'katimo munali mdima wokwanira kubisa munthu. Kutsogolo kunali a Lackson, odwala aja osadya aja, akutafuna nzimbe ndi a Bester, akuseka mpaka kumenyana pamapewa.

Apa ndinamvetsa zonse. Ulosi wawo unali njinga ndi msewu wafumbi wa ku Nathenje. Za makutu zinali zongophimba anthu m'maso. Ndipo tsiku la ng'ombe lija sanaphonye ayi. Ankadziwa bwino kuti Chigayo chigogoda, anali atachiona kale chikugogoda. Mkamwini sangatulutse ng'ombe pamudzi pa mkazi wake, angamugwire asanafike pamsewu. Koma ng'ombe zoluza pa kubetcha zimatuluka masana, pamaso pa wapampando, mkazi ataima pomwepo akuvomereza. Misozi ija inali ya sewero, ndipo ine ndinaiphikira phala.

Ndinafuna kudumpha mabenchi n'kukawang'amba kumaso. Chimene chinandigwira ndi tepi imene inkayamba, chifukwa ndinazindikira kuti ndi yomweyo imene ifike ku Mitundu Loweruka. Ndinakhazikika n'kuionera yonse osaphethira. Sukulu sindinapite nayo patali, koma tsiku limenelo ndinaloweza ngati mwana wa mayeso.

Madzulo ndinafika kunyumba iwo asanafike. Atabwera anandiuza kuti mayi awo akupereka moni, miyendo ikadali yotupa. Ndinawapatsa madzi osamba.

6

Loweruka a Lackson anati apite kuvidiyo akayese kubweza pang'ono zomwe tinataya. Amuna a pa Mitundu anasangalala, poti tsopano ankadziwa kuti a Mlosi nawonso amagwa. Chipinda chinadzaza mpaka ena kuima m'makoma. A Jones atangoimitsa chithunzi choyamba, ndinalowa n'kukaima kutsogolo kwa kanema.

Anayamba kundikuwiza kuti ndichoke, ena kuti zitumbuwa zikupserera. A Lackson anandinong'oneza kuti ndisawachititse manyazi.

"Lero alosere ndine," ndinatero. "Wadazi uyu agwa ndi bondo la pachibwano, dzino lake ligwera pansi, woimbira alitola. Seweretsani."

Anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. A Jones anatsegula tepi kuti anthu andiseke bwino. Wadazi anagwa ndi bondo, ndipo woimbira anawerama n'kutola dzino. Kuseka kunatha.

Ndewu yachiwiri ndinanena kuti wa kabudula wakuda athyoka chala chakuphazi koma apambanabe. Zinatero. Yachitatu ndinanena kuti wandevu agogoda kawiri woimbira osaona, mpaka anzake aponya thaulo m'khola. Thaulo litagwa, m'chipindamo munangomveka jenereta yokha. A Lackson anali atayamba kusuntha cham'mbali kulowera kukhomo, koma mphunzitsi wina amene analuzapo njinga yake anaima pamenepo.

Wapampando anandifunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndinawauza zonse, mokweza, osasiyako kanthu: za Lachitatu, za Nathenje, za a Bester amene sagula fodya, za mtsikana wa mimba ndi khola la mitengo yaiwisi. Ndinati afunse a Mlosi kuti miyendo ya mayi awo imatupira ku Malingunde kapena kuseri kwa chigayo cha pa Nathenje.

Anthu anawakokera panja a Lackson. A Jones anatseka golosale n'kuthawira kumbuyo, akulumbira kuti iwo samadziwa kanthu. Anthu amene kwa miyezi yambiri ankaonera kupotokola mikono anapeza pophunzirira. Venda wina wa kaunjika anawagwetsa a Lackson, nawakhalira, n'kukoka mkono monga ankachitira Kansungwi. Ena ankaponda ndi mateche.

Ndiye ndinaona dzanja la a Lackson likugogoda pansi. Linkamenya fumbi la pamsika mobwerezabwereza, monga ankachitira anthu a m'khola aja, maso awo ali pa ine. Koma pa Mitundu panalibe woimbira. Anthu anangoseka n'kumakuwa kuti wagogoda, osasiya.

Ndikanatha kuwaletsa. Ndikanadziponya pamwamba pawo, palibe akanamenya mkazi, ndipo ndine ndinayambitsa. Ndinaima ndi beseni langa m'manja, ndikuganiza za kathumba ka ulusi wobiriwira. Ndinadikira mpaka ndinamva mkono ukulira ngati nkhuni youma, ndiye ndinati basi, asiyeni.

7

Wapampando ndi komiti yake anagamula kuti kubetcha kwa ng'ombe kunali kwachinyengo, choncho sikuwerengedwa. Achimwene a Noah anapita ku Nathenje ndi anyamata a pamudzi, anapeza a Bester atathawira ku Diamphwe, nabwera nazo ng'ombe zonse ziwiri. Matipate atalowa m'khola lake ndinalira ngati mwana, ndikumusisita pa banga lija. Ndinayesa kuti ndapambana.

M'mawa mwake amuna anayamba kufika pakhomo, mmodzimmodzi, mwaulemu. Mawu awo anali amodzi. Ngati kubetcha kwa ng'ombe sikuwerengedwa chifukwa cha chinyengo, ndiye kuti kwawonso konse sikuwerengedwa. Mphunzitsi ankafuna njinga yake. Wina analuza ndalama za feteleza, wina za fizi ya mwana. Anandilozera malata a padenga ndi wayilesi ya pawindo, nafunsa ngati zinagwa kumwamba. Umboni wonse ndinali nditaupereka ndekha pamaso pawo. A Lackson analibe kanthu pamudzi pathu, monga ankanenera achimwene. Chogulitsa chinali chimodzi chokha, ng'ombe zija.

Ndinapita kuchipatala kamodzi, osati kukazonda, koma kuti ndikawaone a Lackson m'maso. Ndinawapeza mkono uli m'chikhakha, Zipora atakhala pansi pambali pa bedi, maso ali otupa. Ndinawafunsa chifukwa chake.

"Ndalima m'munda mwanu zaka zonsezi, Felesiya. Ng'ombe zija thukuta langa lilimo. Tsiku lochoka mukanandipatsa chiyani? Bulangete. Achimwene anu ankanena, inu n'kumaseka."

Ndinawayankha kuti akanapempha imodzi pamaso pa ankhoswe, mwina tikanakangana, mwina akanaitenga. Koma anasankha kundiimika pakati pa amuna kuti ndivomere ndi pakamwa panga kubedwa kwanga, ana awo n'kugona ndi njala. Sanabwererenso kwathu, ngakhale kudzatenga bulangete lija.

Kapiteni anagulidwa ndi mlimi wa ku Malingunde. Matipate, chifukwa cha nyanga yake yopotoka, alimi ankamukana, ndiye anatengedwa ndi wabutchala wa pamsika pathu pomwepa. Loweruka lotsatira ndikupita ndi zitumbuwa ndinaona chikopa chofiira chitayanikidwa pampanda, mutu uli pathebulo, banga loyera lili poonekera. Amuna omwe aja anali pamzere akugula nyama ndi ndalama zomwe ndinawabwezera.

Owerenga, abusa anandiuza kuti ndikhululuke, ndipo ndinawauza kuti ndidzayesa, koma sindinayambe. Za mkono uja musandifunse, sindinamvepo chisoni, ngakhale dzanja logogoda m'fumbi lija limandibwerera ndikamapeta ufa. Amene ndimamukwiyira koposa ndi mkazi uja amene anafolera nyumba ndi malata osafunsa komwe akuchokera, amene anaona makutu okwinyika ndi maso ake n'kutseka pakamwa chifukwa cha kiyi wa njinga yobwereka. Inu amene mwamuna wanu saphonya, mufunseni kumene amapita Lachitatu, ndipo mufunse zinthu zikadali bwino. Ngolo ija ikadali kuseri kwa nyumba, matayala anaphwa kalekale, nkhuku zimaikiramo mazira. Manyowa ndimatuta pamutu.